Nkhope za m'tiranki: tchuthi kwa agogo ku Luchenza

Loweruka lina m'mawa, chiperoni chitakuta phiri la Mulanje kotero kuti mlendo sakadakhulupirira kuti kum'mawako kuli phiri, mayi wina wa zaka zoyandikira 60, wokhala m'mudzi wina pafupi ndi tauni ya Luchenza, adakokera pakhonde tiranki yake yachitsulo, namasula kiyi pamfundo ya chitenje, nayitsegula pamaso pa adzukulu ake ndi ife alendo.

Mudatuluka fungo la nsalu zokhalitsa.

Pansi pa yunifolomu ya Mvano, pansi pa khadi la ubatizo ndi Baibulo lothothoka chikuto, padali envulopu yakhaki yofewa ndi ukalamba, ndipo m'menemo ndimo mudali chuma chimene tidadzera, ndicho zithunzi zakale, zina zodyeka m'mbali, zina zofiirira, zina zomatirirana chifukwa cha chinyontho cha dziko la tiyi.

Kamnyamata kamodzi kadatola chithunzi chokwana m'chikhatho, nkukachiyang'anitsitsa.

"Agogo, nanga kamtsikana kopanda nsapatoka ndani?"

"Iii, amuna anga, mwandiiwala? Ndinetu ameneyo. Awa akhala pampandowa ndi ambuye anga, amene adabala mayi anga. Awa ali pamphasawa ndi anganga. Uyu wanyamula wailesiyu ndi malume, atangobwera kumene kuchokera ku Joni."

Kuseri kwa chithunzicho wina adalemba ndi bolopeni: Khirisimasi 1976.

Gogo wamwamuna wavala jekete ngakhale kuti udali mwezi wotentha, chipewa wachiika pabondo, maso ali tong'o pa kamera. Gogo wamkazi wamanga duku lake bwinobwino. Ana andandalika kutsogolo, manja ali m'mbali. Ndipo kumbuyo kwa onsewo, kupyola mpanda wa nthochi, tiyi wakwera chitunda mpaka kukagunda mitengo ya bulugama.

Mwa onse ali pachithunzipo, amoyo lero sakwana zala za dzanja limodzi.

Chifukwa chake anthu ayamba kuzifuna

Masiku ano, pamene foni iliyonse ili ndi kamera ndipo mwana amajambulidwa asadatuluke m'chikuta, kwabuka njala yachilendo pakati pa Amalawi a msinkhu wapakati, njala ya zithunzi za makolo. Amazifunsa kwa azakhali, amazijambulanso ndi foni, amatumizirana pa WhatsApp kuchokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo chithunzi chimodzi chikapezeka, mbumba yonse imachezera usiku kukangana kuti wayima kumanzereyo ndi mwana wa yani.

Njala imeneyi idakula pambuyo pa namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 adakantha Blantyre, Chiradzulu, Phalombe, Mulanje ndi Thyolo, napha anthu mazanamazana, nagwetsa nyumba zosawerengeka. Amene adapulumuka adamanganso makoma, adagulanso mapoto ndi zofunda. Koma nkhope za akufa awo, zimene zidali m'masutikesi ndi pazipupa, zidapita ndi matope.

Madzi akatayika saoleka.

Ndiye chifukwa chake tidayendera mabanja ena m'midzi yozungulira Luchenza, kuti tione zimene zidatsala, ndi kumva zimene eni ake amakumbukira akaziona. Ndipo chodabwitsa nchakuti pafupifupi m'nyumba iliyonse, chithunzi chimene mwini wake amachisunga koposa zonse sichikhala cha ukwati kapena cha ku sukulu, koma cha tchuthi kwa agogo.

Sitima ya ku Luchenza

Luchenza ndi mwana wa njanji. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo siteshoni ya Luchenza idakhala khomo lotulukira tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, makamaka mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, katundu nkumayenda osatsitsidwa kufikira kudoko la Beira. Pambali pa siteshoniyo padamera masitolo, msika, ndi tauni.

Njanji yomweyo, imene idamangidwira katundu wa Azungu, ndiyo idadzasanduka njira ya ana opita kwa agogo.

Mabanja ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adali ndi mapazi awiri, lina m'tauni, lina kumudzi. Bambo ankagwira ntchito ku Limbe kapena ku Blantyre, ana nkumaphunzira komweko. Koma sukulu zikatsekera, kaya pa tchuthi chachitali cha m'chilimwe kaya pa Khirisimasi, mayi ankamanga katundu m'chitenje, shuga, mchere, sopo, buledi ndi mafuta anyale, pakuti kwa akuluakulu salowako chimanjamanja, ndipo ulendo unkayambika usiku wa dzulo lake m'mitima ya ana amene sankaona tulo.

Ena ankakwera basi ya UTM kudzera pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo. Koma amene adakwerapo sitima, akayamba kusimba, nkhope zawo zimawala: mabenchi olimba, amayi a madengu a nthochi, nkhuku zomangidwa miyendo pansi pa mipando, kuima pa Nansadi, kenaka Luchenza, pamene ena ankapitirira ku Khonjeni, ku Sandama, ku Thekerani, kutsikira ku chigwa cha Shire.

Pa siteshoni pankakhala malume ndi njinga.

Katundu ankakwera njinga, ana nkumayenda pansi, m'tinjira todutsa pakati pa minda ya tiyi, akupatsa moni amayi obereka madengu kumsana. Ndipo asadafike pabwalo, nthungululu idali itamveka kale, gogo wamkazi akuthamanga monga mwa mphamvu zake, akufuula kuti amuna ake abwera, ngakhale kuti mwamunayo adali kamnyamata ka Sitandade 2.

M'manja mwa agogo

Iwo amene adakulira m'tauni amavomerezana pa chinthu chimodzi, kuti kwa agogo ndiko kudali ufulu. Bambo adali munthu woopedwa, mayi adali wolangiza ndi wolanga. Koma gogo ndi mdzukulu, mwa mwambo wathu, ndi anthu a chipongwe chololedwa, otchulana mwamuna ndi mkazi, odyera mbale imodzi, ouzana zimene mwana sangayerekeze kuuza womubala.

Nkhuku inkafa tsiku lomwelo.

Masiku otsatira kudali nsima ya mgaiwa ndi nandolo, chinangwa chophika cha m'mawa, mbatata yootcha paphulusa, mapeyala, nzimbe, ndi kalongonda, nyemba ya Alomwe ija yofuna kuphikidwa tsiku lathunthu, madzi ake nkumatayidwa kangapo, imene mwana wa m'tauni ankayamba kuidya mwamantha nkudzathera kupempha yowonjezera. Pa Khirisimasi pankabwera mpunga, thobwa, ndi tiyi wamkaka wa masikono.

Masana kudali kusambira kumtsinje, kutcha mbalame ndi ulimbo, kufula ngumbi mvula ikagwa, phada ndi fulaye. Koma sukulu yeniyeni inkayamba dzuwa likalowa, moto utayaka, gogo akati "Padangokhala," ana nkuyankha pamodzi kuti "Tili tonse." Pamenepo ndi pamene mwana ankamva za Kalulu ndi Fisi, za mizimu ya pa Sapitwa imene imapatsa munthu chakudya koma osafuna kuti aitane mnzake, ndiponso, nthano zikatha, za makolo amene adabwera wapansi kuchokera kuseri kwa phirilo.

Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja a dera lino, kumene mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa ku mbumba ya mayi, tchuthi chotere sichidali kungosangalala ayi. Chidali kuonetsa mwana malire a munda wa mayi ake, manda a makolo ake, ndi malume amene adzamuyankhulire pa ukwati ndi pa mlandu.

Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Tsiku la wojambula

M'midzi imeneyi kamera idali ya munthu mmodzi m'dera lonse. Wojambula ankayenda pa njinga, kamera ili pakhosi, makamaka Lamulungu anthu akuweruka ku tchalitchi, pa Khirisimasi, ndi pa masiku a malipiro m'makomboni a m'maesiteti. Munthu ankapereka theka la mtengo, filimu ikadzaza nkupita nayo ku Limbe kapena ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo chithunzi chinkabwera patapita masabata, nthawi zina ana atabwerera kale ku sukulu.

Popeza kujambulitsa kudali kwa ndalama, ndipo mwayi udali umodzi wokha, padalibe kuseka. Anthu ankasamba, nadzola mafuta, nabwerekana nsapato ndi mawotchi, naima chilili ndi ulemu wonse, podziwa kuti nkhope imene aonetse tsikulo ndiyo idzaonedwe ndi zidzukulu zosabadwa.

Wodziwa kuwerenga zithunzizi amapezamo mbiri ya dziko lonse.

Palibe mayi wovala buluku, ndipo madiresi onse apyola maondo, pakuti lamulo la kavalidwe la 1973 lidali pa mphamvu kufikira 1993. Wailesi ndi suti ya malume zikunena za Wenela ndi migodi ya ku South Africa, kumene amuna zikwizikwi adabwererako ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, Dr Kamuzu Banda nkuletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Pa zithunzi zojambulidwa pa Luchenza penipeni pamaoneka makonde a masitolo a Amwenye, amene pofika 1978 adali atalamulidwa kuchoka m'matauni ang'onoang'ono kupita m'mizinda ikuluikulu.

Ndipo kumbuyo kwa pafupifupi chithunzi chilichonse kuli tiyi.

Zimene chithunzi sichinena

Kwa mwana wobwera pa tchuthi, tiyi adali kukongola kokhakokha, kubiriwira kosatha kokwera ndi kutsika zitunda. Kwa gogo wa jekete uja, tiyi adali nkhani ina, imene sankaiyamba masana, ndipo imene adzukulu ambiri adadzaimvetsa atakula.

Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown adabzala mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre. Adafika ku Thyolo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo m'kupita kwa nthawi mayina a Bandanga, Naming'omba, Makwasa, Nchima, Conforzi, ndi Satemwa, imene Maclean Kay adayambitsa mu 1923, adasanduka mayina a malo amene anthu amabadwirako ndi kuferako. Manja amene adagwetsa nkhalango ndi kubzala tiyiyo ambiri adali a Alomwe, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1890 ankaoloka malire pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, nafika m'dziko limene nthaka yake yabwino idali italembedwa kale m'mapepala a Azungu.

Mlendo wopanda munda adalibe mawu.

Kuti apatsidwe pomanga nyumba ndi polima, ankayenera kugwira thangata, ndiko kulipira lendi ndi thukuta lake m'munda wa mwini esiteti, m'miyezi ya dzinja yomwe munda wake womwe unkamufuna. Thangata ndi limodzi mwa madandaulo amene adautsa John Chilembwe mu 1915. Ndipo mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakakamizidwa pa anthu osachifuna, moto udabuka pa esiteti ya Mangunda, pafupi ndi Luchenza pomwepa, anthu atagwidwa m'munda wa malalanje ndipo mbiri itawanda kuti aphedwa. Chipwirikiti chidafalikira m'boma la Thyolo ndi kupyola, misewu idatsekedwa ndi mitengo, ndipo chisadathe anthu 11 adataya miyoyo yawo. Thangata lidathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.

Gogo amene wakhala pampando mu 1976 adaona zonsezi ndi maso ake. Adaona njala ya 1949. Adadziwa mgwazo, kapitawo, sikelo ndi tikiti; adadziwa kuthyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira mbandakucha, mvula ili pamsana.

Koma pachithunzipo wavala jekete.

Pamenepa ndi pamene pagona ulemerero wa zithunzi za m'tiranki. Zithunzi za maesiteti za nthawi ya atsamunda zilipo, m'mabuku ndi m'nyumba zosungira mbiri, ndipo kawirikawiri zimatchula dzina la bwana, dzina la fakitale ndi chaka, koma anthu a madenguwo zimawasiya opanda mayina. Chithunzi cha pa Khirisimasi kwa agogo ndicho chokha chimene wantchito wa pa esiteti adadziitanira yekha wojambula, nalipira ndi ndalama yake, nasankha yekha chovala, nakhala pampando monga mwini mbumba, ana a ana ake atamuzinga.

Adafuna kuti adzakumbukiridwe motero, ndipo adali ndi ufulu wonse wotero.

Mipata m'mizere

Mukatsata zithunzi za banja limodzi chaka ndi chaka, kuyambira zakuda ndi zoyera kufikira zamitundumitundu za m'ma 1980 ndi 1990, mumaona chinthu chowawa chimene palibe amakuuzani. Poyamba pali mibadwo itatu, agogo, makolo ndi ana. Kenaka mzere wapakati uyamba kuperewera.

Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo Thyolo lidali limodzi mwa maboma amene adakanthidwa koopsa. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito yake m'bomali mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kuno mu 2003, boma nkudzayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. Koma thandizolo pofika, manda a m'midzi yambiri adali atadzaza ndi anthu a msinkhu wobereka, aphunzitsi, makalaliki, amakaniko, ndi amayi a ana aang'ono.

Ana amene ankabwera kwa agogo kudzacheza adabweranso, koma ulendo uno ndi katundu yense.

Nyumba ya tchuthi idasanduka kwawo. Gogo amene mwambo udampatsa gawo la kuseka ndi kusasatitsa adayenera kusenzanso gawo la mayi ndi la bambo, kufuna fizi, kufuna yunifolomu, kubwerera ku ganyu ndi msana wopindika. Ndipo ambiri mwa anyamata ndi atsikana amene lero akuyendetsa kabaza pa Luchenza, kapena kugulitsa mumsika, kapena kuphunzitsa m'sukulu, adaleredwa ndi manja amenewo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto wa zaka zimenezo udazimira pa iwo.

Kwa ana otere, chithunzi cha tchuthi chakale sichikumbutso cha masewera chabe. Nthawi zambiri ndi malo okhawo pa dziko lapansi pamene angaonepo nkhope ya mayi awo.

Adani a pepala, adani a chikumbukiro cha mtundu

Zithunzizi zili ndi adani ambiri. Chiswe chimadya, mphemvu zimanyambita, denga lodontha limafufutitsa, ndipo chinyontho cha Thyolo ndi Mulanje chimamata pepala ku pepala. Zina zimatayika pogawana katundu wa maliro. Zina zidabwerekedwa ndi wachibale amene sadabwerenso.

Foni nayo siyodalirika monga momwe anthu amaganizira, pakuti imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa pa nthawi ya njala, ndipo zithunzi mazanamazana zimafera momwemo tsiku limodzi.

Koma mdani wamkulu koposa onsewa ndi imfa ya wodziwa mayina.

Chithunzi chopanda wochifotokoza chili ngati mtondo wopanda munsi. M'nyumba zingapo tidaonetsedwa nkhope za akuluakulu olemekezeka, ovala bwino, amene banja lonse limavomereza kuti ndi makolo awo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti adali yani, adachokera kuti, kaya adali a kuchimuna kaya a kuchikazi. Pakuti gogo amene ankawadziwa adaikidwa chaka chatha, ndipo pamene adali moyo padalibe womufunsa.

Nawo maulendo a tchuthi achepa. Njanji ya kumunsi idaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, mtengo wa minibasi wakwera kotero kuti banja la ana anayi limawerengera kawiri lisadanyamuke, ana ambiri amatsala m'tauni pa maphunziro apadera a pa tchuthi, ndipo makolo ena, pomvera mphekesera za ufiti, amaletsa ana awo kudya m'manja mwa agogo awo enieni, chinthu chimene makolo athu akadachiyesa temberero. Chotero kukukula mbadwo wodziwa mawu a agogo pa foni, koma wosadziwa njira ya kumanda a kwawo.

Ntchito imene ikutidikira

Mtundu uli nazo nkhokwe zake za mbiri. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi. Ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882, bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Ndipo pa Chonde, pafupi ndi Luchenza, Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka mu Okutobala kudzavina tchopa, gule amene UNESCO idamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Kukadakhala kokoma mabungwe otere, pamodzi ndi mipingo, sukulu ndi eni maesiteti, akadaitana anthu kubwera ndi zithunzi za m'nyumba zawo, kuti zijambulidwenso, zilembedwe mayina, eni ake nkubwerera nazo. Pakuti mbiri ya tiyi wa Malawi siidzakwanira kufikira othyola tiyiyo atalowamo ndi mayina awo.

Koma ntchito yaikulu siya bungwe ayi. Ndi ya mbumba iliyonse.

Inu amene agogo anu akali ndi moyo, kapena azakhali, kapena malume okalamba, musadikire uthenga wa maliro kuti mukwere galimoto. Pitani pa tchuthi chikudzachi, ndipo mutenge ana. Tengani pensulo ndi kope. Khalani pansi, mutulutse zithunzi chimodzichimodzi, mufunse modzichepetsa kuti uyu ndani, adabadwa kwa yani, mfunda wake ndi wotani, adagwira ntchito pa esiteti iti, adagona kuti. Lembani mayankhowo kuseri kwa chithunzi ndi m'kope, jambulani mawu a wokalambayo pa foni, ndipo chithunzi chilichonse mukachisindikizitse kawiri kapena katatu, kuti china chikhale kumudzi, china m'tauni, china kwa m'bale wa kutali, madzi akadzabweranso asadzapeze zonse pamalo amodzi.

Musadabwerere, itanani onse pabwalo, muike wokalambayo pampando, ana akhale kutsogolo, mujambule. Ndipo chimenecho musachisiye m'foni, koma muchitsukitse chikhale pepala, mulembepo tsiku, mudzi, ndi dzina la aliyense kufikira khanda la kumsana.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa amene adawamva. Makolo aja adatisiyira nkhope zawo mwadala, atalipira ndi ndalama ya mgwazo. Ngongole yathu kwa iwo ndi kusunga mayina awo, ndi kuwapereka kwa ana athu pamene otiuza akalipo.